Work-study ili pa kalata ya sukulu, nanga bwanji sanaichotse pa bilu?

Make Tadala: Moni nonse pagulu pano, pepani ndalemba usiku, ndangoweruka kumene koma tulo sitikubwera. Mtsikana wanga Tadala akuyamba koleji kuno ku America mwezi wamawa ndiye mu March sukulu inatitumizira kalata ija ya financial aid. Analemba kuti chaka chonse fizi, chipinda ndi chakudya ndi $28,000. Mmunsi mwake anandandalika thandizo, Pell Grant (giranti ya boma) $5,200, giranti ya sukulu $11,000, loni ya boma $5,500 ndi Federal Work-Study $3,000. Ine ndinawonkhetsa zonse zinakwana $24,700 ndinati basi yanga ndi $3,300, pa semesita $1,650, mpaka ndinalowa chipereganyu kuti ndiikwanitse bwinobwino. Lero bilu yatuluka pa akaunti ya mwana ikuti $3,179 semesita imodzi yokha, ilipiridwe isanafike 10 August. Kodi alakwitsa iwowo kapena ndasokoneza ndine? Mutu wangoima.

Namwino wa ku Indy: Asisi sanalakwitse ayi. Ifenso zinatigwera chimodzimodzi ndi woyamba wathu. Work-study sikhala ndalama yoti sukulu yakusungirani penapake, ndi ganyu. Akungokuuzani kuti mwana wanu ndi wololedwa kugwira ntchito mpaka malipiro ake akwane $3,000 pa chaka. Akapanda kugwira palibe chomwe alandire.

Make Tadala: Ndiye bwanji anaiika pamodzi ndi magiranti ngati ndi mphatso?? Anaiwonkhetsera limodzi pa total pomwe

Aphunzitsi Opuma: Mayi a Tadala, tiyeni tiwerengere limodzi kuti mtima ukhale pansi. Chotsani pa $28,000 zinthu zitatu zokha zimene zimalowa mu akaunti ya sukulu, Pell, giranti ya sukulu ndi loni, zimenezo ndi $21,700. Yotsala $6,300, kugawa pawiri $3,150. Ka $29 kapitirira apoko ndi kamene boma limadula pa loni isanafike kusukulu, pang'ono kupitirira 1 peresenti, ndiye pa $2,750 ya semesita imodzi kamakwana pomwepo. Bilu yanu ili bwino ndithu mpaka dola yomaliza. Chimene chinakusocheretsani ndi $1,500 ya work-study ya semesita ino imene mwana sanayambe n'kuigwirira komwe.
Zoti anaiika pamzere umodzi ndi magiranti, kwa iwo ndi thandizo ndithu chifukwa ndalama zambiri zolipira mwanayo zimachokera ku boma. Koma ine ndimaona kuti kalembedwe kameneko ndi kosokoneza makolo, makamaka ife amene tikutumiza mwana woyamba ndipo sitinaphunzire kuno.

Ankolo Texas: kkkkk mayi munawerengera madzi a mphutsi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno

Namwino wa ku Indy: Ankolo munthu akudandaula inu mukuseka

Ankolo Texas: Pepani mayi sindikukusekani, ndikuseka zomwe ndinachita ine ndemwe. Ine ndinafika mpaka ku ofesi ndi kalata mmanja kukawauza kuti ndalama yanga ili kuti, mzimayi wa pa kauntala anangondiyang'ana nkundifunsa kuti kodi mwana wanu wapeza kale ntchito? Ndinabwerera ku galimoto chete

Make Tadala: Iii ndiye kuti ntchitoyo akaisakenso yekha? Ine ndimayesa akafika amupatsa

Chemwali wa ku Laibulale: Mama ine ndili chaka chachitatu ndipo ndakhala pa work-study chiyambire ndiye ndikuuzeni mmene zimayendera. Sukulu zochepa zimamuikiratu munthu pa ntchito koma zambiri umafunsira wekha ngati ntchito ina iliyonse, pali tsamba lomwe amaikapo ma vakansi, kwathu timagwiritsa Handshake, umatumiza CV nkukuitana ku intavyu. Ntchito zabwino monga ku laibulale, pa desiki ya ku hositelo kapena ku ma lab zimatha sabata yoyamba yeniyeni, ochedwa amatsala ndi zotsuka mapoto ku dining. Auzeni a Tadala ayambe kuyang'ana panopa asadikire kuti afike kaye.
Malipiro amawerengera pa ola, lamulo limati akulipire kosachepera kamodzi pamwezi, ife timalandira pa masabata awiri aliwonse ndipo imalowa mu akaunti yanga ya kubanki osati ya sukulu. Ukafuna utha kusaina kuti izipita ku bilu koma ndi iwe wopempha. Ine ndimalandira $12 pa ola. Mukagawa $3,000 ndi 12 ndi maola 250, pa masabata pafupifupi 30 a sukulu ndi maola 8 ndi kanthu pa sabata, pafupifupi $100. Ndiye mukuona kuti cheke choyamba chimabwera mu September pomwe bilu anaifuna mu August. Ndalama imeneyi kwa ine ndi ya sopo, foni, mabuku ndi basi yopita kunyumba, ya fizi ayi.

Make Tadala: Zikomo mwana wanga wandimasulira bwino. Nanga akapanda kumaliza maola onsewo yotsalayo amamupatsa kumapeto?

Chemwali wa ku Laibulale: Ayi mama imangopita, siisamukiranso chaka chinacho. Komanso ikatha msanga abwana amakuimitsa pokhapokha dipatimentiyo ikhale ndi ndalama zake zokulipira. Chaka changa choyamba ndinkatenga mashifiti a anzanga mosaganiza, pofika March inali itatha

Ankolo Texas: Ndi chifukwa chake ine ndimati work-study ndi masewera. Mnyamata wanga anaikana, amagwira ku warehouse $18 pa ola, maola 20 pa sabata, holide amagwira fulu. Pa chaka amadutsa $18,000. Inu mukukamba za $3,000? Munthu wakuda kuno umafunika kulimba, ife tinabwera tikugwira madabo osagona

Namwino wa ku Indy: Madabo amenewo ndi amene atipatsa BP ankolo, musawafunire ana

Aphunzitsi Opuma: Achimwene a ku Texas, ndalama ya ku warehouse ndi yambiri inde, palibe angatsutse. Koma pali chinthu chimodzi chimene work-study ili nacho chomwe warehouse ilibe, ndipo ndi pamene pagona ubale wake ndi financial aid. FAFSA, fomu ija yofunsira thandizo la boma la sukulu, imayang'ana ndalama zimene mwana wapeza zaka ziwiri zapitazo, mwachitsanzo fomu ya chaka cha sukulu cha 2026-27 imatenga za msonkho wa 2024. Pa ndalama ya mwana pali gawo limene saliwerengera, lili pamwamba pang'ono pa $11,000, koma yopitirira pamenepo, akachotsa misonkho, theka lake amalitenga ngati ndalama yoti mwanayo atha kulipira yekha, SAI, nambala imene amayezera mphamvu ya banja yolipira, imakwera, Pell imatha kutsika. Ndiye mnyamata wanu wa $18,000 uja, yopitirirayo ili cha m'ma $6,000, theka lake ndi pafupifupi $3,000 imene ingadye thandizo lake patsogolo. Pomwe malipiro a work-study amachotsedwa onse pa mawerengedwe amenewa, ngati sanagwire n'komwe.
Koma ndinene chilungamo, mwana amene akupeza $6,000 kapena $8,000 pa chaka ku sitolo wamba nayenso sakhudzidwa chifukwa sanafike pa malire aja. Anthu ena amakokomeza ngati kagwiridwe kalikonse ka kunja kamapha Pell, si zoona.

Ankolo Texas: Ndiye ngakhale atadula 3,000 yo watsalabe ndi 15,000 madala. Masamu akadali mbali yanga kkkk

Aphunzitsi Opuma: Masamu a ndalama ali mbali yanu. Funsani magiredi. Thandizo lonse la boma limafuna mwana azikhoza, sukulu zambiri zimafuna GPA yosachepera 2.0 komanso kumaliza magawo awiri mwa atatu a makosi amene walembetsa. Akatsika pamenepo Pell, loni, work-study zonse zimaima limodzi.

Chemwali wa ku Laibulale: Komanso ankolo bwana wa pa kampasi amadziwa kuti ndiwe wa sukulu, saloledwa kukuika pa shifiti nthawi ya kalasi ndipo sabata ya mayeso ukapempha amakumasula. Ku warehouse ukanena za mayeso amakuuza kuti sankha. Ine desiki ikakhala zii ndimawerenga zanga akundilipira. Ndipo sindifuna galimoto, inshuwalansi, mafuta, ndimayenda mphindi 5 kuchoka ku hositelo

Ankolo Texas: Galimoto yokha ndiye mwanena zoona, inshuwalansi ya mnyamata wa zaka 19 ikundikhaulitsa

Bambo a Mapasa Area 25: Moni abale akunja, ine ndili ku Lilongwe konkuno ndimangowerenga mwakachetechete. Mwana wanga wakhoza bwino MSCE ndiye pali munthu wina amatiuza kuti ku America sukulu sivuta, mwana amangofika nkulowa work-study nkumadzilipirira yekha fizi, ife tingopeza ya tikiti ndi ya iyeyo yotithandizira mapepala. Mmene ndikuwerengamu ndayamba kukaika

F1 Wovutika: Bambo musapereke ndalama kwa munthu ameneyo chonde. Federal Work-Study ndi ya nzika za America, a green card, othawa kwawo amene analandiridwa ndi ena ochepa otero. Ife a viza ya F-1 sitilemba nkomwe FAFSA kuti tipeze za boma, Pell ayi, loni ya boma ayi, work-study ayi. Chomwe timaloledwa ndi kugwira ntchito pa kampasi maola osapitirira 20 pa sabata sukulu ili mkati, holide ndiye utha kugwira fulu. Ndipo chowawa nchoti ma vakansi ambiri abwino amalemba kuti a work-study okha, chifukwa dipatimenti ikalemba mwana wa work-study boma limalipira mpaka 75 peresenti ya malipiro ake iwo nkungoonjezera kotsalako, pomwe akalemba ine alipira yonse okha. Ndiye mukuganiza asankha ndani. Ife timathera ku dining, ine ndakhala ndikutsuka mathireyi zaka ziwiri manja anachita kuyera kkkk
Werengani nokha, maola 20 pa $12 ndi $240 pa sabata asanadule msonkho. Lendi, chakudya, inshuwalansi ya chipatala yomwe amatikakamiza, yatha. Fizi ya mwana wakunja siingatuluke mmenemo olo pang'ono. Komanso sukulu isanakupatseni I-20, pepala lofunsira viza ya sukulu, imafuna muonetse kuti ndalama ya chaka choyamba ilipo kale, simungalembe kuti akagwira ganyu akafika.

Bambo a Mapasa Area 25: Nanga osakagwira kunja kwa sukulu mobisa? Timamva ena amatero

F1 Wovutika: Amatero koma akakugwira status yatha, rekodi yako ya SEVIS, kaundula wa boma wa ophunzira akunja, amaitseka, zaka zonse wavutikazo zapita mmadzi. Kunja umagwira ndi chilolezo cha CPT kapena OPT ndipo ntchitoyo igwirizane ndi zomwe ukuphunzira. Njira yeniyeni kwa mwana wochokera kumudzi ndi sikolashipu ya sukulu yeniyeniyo, zina zimafuna fomu ya CSS Profile ya College Board mmalo mwa FAFSA. Pitani ku EducationUSA ku Lilongwe konko, uphungu wawo ndi waulere

Aphunzitsi Opuma: Bambo a Mapasa, chimene munthu wanuyo akufotokoza chimafanana ndi sukulu zochepa kwambiri zotchedwa work colleges. Yodziwika ndi Berea College ku Kentucky, kumene ophunzira salipira tuition chiyambire 1892 ndipo aliyense amagwira ntchito maola osachepera 10 pa sabata, amatenganso ana akunja. Koma malo a akunja ndi ochepa zedi ndipo opikisana ndi dziko lonse lapansi. Kufunsira kwake sikudzera mwa dobadoba, mwana amalemba yekha pa intaneti.

Bambo a Mapasa Area 25: Mwandipulumutsa, ndinatsala pang'ono kugulitsa puloti. Kuno tinazolowera za Loans Board basi, ukapeza loni wapeza ukalephera walephera, zoti boma lizilipira mwana kuti azigwira ntchito ku laibulale ya sukulu ndi zachilendo

Aphunzitsi Opuma: Ndi pulogalamu yakale, inayamba mu 1964 nthawi ya pulezidenti Lyndon Johnson pa nkhondo yake yolimbana ndi umphawi, kenako inalowa mu lamulo la maphunziro apamwamba la 1965. Kusiyana kwake ndi Pell nkwakuti Pell aliyense woyenerera amalandira, yokwera kwambiri ndi $7,395 pa chaka, pomwe work-study boma limapereka thumba kusukulu iliyonse ndipo thumbalo likatha latha. Ana awiri osauka mofanana, wina apeza wina ayi, kungotengera sukulu ndi tsiku limene analemba FAFSA. Nthawi zambiri fomu imatsegulidwa pa 1 October, musamadikire Khirisimasi.

Admin: Tikumbutsane abale, masikirinishoti a makalata a ana muzibisa dzina ndi nambala ya sukulu musanaponye pano. Ndachotsa imodzi

NaJere wa ku Maryland: Pepani a Admin inali yanga. Funso langa linali loti wanga sanampatse work-study olo pang'ono chonsecho Pell analandira, ndiye kuti tinaphonya bokosi lina pa fomu?

Chemwali wa ku Laibulale: Anti kale pa FAFSA panali funso loti kodi ukufuna work-study koma pa fomu yatsopano yoyambira 2024-25 analichotsa, ndiye simunaphonye kanthu. Ayimbe ku financial aid afunse ngati pali mndandanda wodikira. Ana ambiri amapatsidwa koma osaigwiritsa ntchito ndiye pakati pa semesita ndalama zimabwerera, mnzanga anaipeza mu October

NaJere wa ku Maryland: Ok ayimba mawa. Mwana wake ndi wamanyazi uyu amafuna ndiziyimba ine, koma akumeneko amakana kundiuza kanthu ati mpaka iye asaine

Namwino wa ku Indy: Kkkk bilu amatumiza kwa ife koma zinsinsi ndi za mwana. Dziko lake ndi limeneli

Make Tadala: Abale ndabweranso, ndawerenga zonse pa break. Funso lina, mpingo wathu unamulonjeza Tadala $1,000 ya sikolashipu, ndiye wina wandiuza kuti ndikanena kusukulu adula thandizo lina. Ndingokhala chete?

Aphunzitsi Opuma: Musabise mayi, malamulo amafuna sukulu idziwe, ndipo macheke ambiri otere amalembedwa m'dzina la sukulu. Mmene zimakhalira ndi chonchi, iwo amatenga mtengo wonse wa chaka, kuphatikizapo mabuku ndi mayendedwe, nkuchotsa SAI, chotsalacho ndiye kusowa kwa mwana. Thandizo lotengera kusowa siliyenera kupitirira pamenepo, ndipo work-study ili m'gulu limenelo. Kwa inu ndikuona mpata ukadalipo ndiye mwina sadula kalikonse. Koma akati adula, apempheni ayambire ku loni kapena ku work-study osati ku giranti. Kutaya $1,000 yogwirira ntchito nkupeza $1,000 yaulere palibe choluza.
Zimathekanso mbali inayo, mwana akaona kuti sakwanitsa kugwira ntchito atha kupempha kuti work-study isanduke loni, koma kwa a Tadala sizithandiza chifukwa $5,500 ndi malire a chaka choyamba kwa mwana amene akudalira makolo, afika kale pamwamba. Chaka chachiwiri imakwera kufika $6,500.

Ankolo Texas: Ndipo musaiwale msonkho mayi, Uncle Sam saiwala munthu

Chemwali wa ku Laibulale: Eya imawerengedwa ngati malipiro, W-2, pepala loonetsa malipiro ndi msonkho wa chaka, imabwera mu January. Koma ukamagwira pa sukulu pomwe ukuphunzira ndipo walembetsa makosi osachepera theka sakudula za Social Security ndi Medicare zija, ndiye cheke chimabwera chonona pang'ono kusiyana ndi cha ku sitolo

Gogo wa ku Seattle: Ine zanga ndi zina. Ana inu mukamasankha ntchitozi musamangoyang'ana pofewa pokhala. Mdzukulu wanga anatenga yophunzitsa ana a pulayimale kuwerenga, kunja kwa kampasi koma ya work-study yomweyo, poti sukulu zimalamulidwa kuika gawo la ndalamazo ku ntchito zothandiza anthu a m'dera. Mayi amene ankamuyang'anira ndi amene anamulembera kalata yomuchitira umboni pofunsira ntchito yake yoyamba. Ndiye ine za $12 kapena $18 sindilowererapo

Ankolo Texas: Agogo mwabwera mochedwa koma mwandigwetsa kkkk. Komabe wanga sakusiya warehouse, galimoto ija alipira ndani

Namwino wa ku Indy: Make Tadala za bilu ya August yo funsani payment plan, sukulu zambiri zimagawa semesita mu magawo anayi kapena asanu, pali ka fizi kolembetsera koma chiwongoladzanja palibe. Akakuuzani za Parent PLUS musathamangire kusaina, imeneyo ndi ngongole yanu inuyo osati ya mwana ndipo chiwongoladzanja chake ndi chokwera kuposa loni ya mwana. Komanso ngati malipiro anu atsika kuyerekeza ndi chaka chomwe FAFSA inayang'ana, kaya munadwala kaya maola anachepa, lembani apilu, ali ndi mphamvu yowerengeranso

Make Tadala: Asisi mwandikumbutsa, chaka chimenecho ndinkagwira ntchito ziwiri, inayo agogo amene ndinkawasamala anamwalira mu January ndiye pano ndatsala ndi imodzi. Sindinadziwe kuti zimenezo amamva

Namwino wa ku Indy: Amamva koma amafuna mapepala, ma pay stub omaliza ndi kalata yosonyeza tsiku lomwe ntchito inatha. Musapite ndi pakamwa pokha

Make Tadala: Ndibwere ndi lipoti abale. Tayimba mmawa uno ine ndi Tadala pa spika. Payment plan atilola, magawo anayi, loyamba pafupifupi $800 ndiye chipereganyu changa chikwanira awiri oyamba, enawo ndidzaona ndi ma overtime. Fomu ya apilu atitumizira ati yankho limatenga masabata angapo ndiye tiyambe kulipira kaye. Ya mpingo ija ati sadula kanthu ilowa ku bilu. Tadala wafunsira ntchito zitatu usiku womwewo, laibulale, ofesi ya masewera ndi ina yoyankha mafoni, wina wamuyankha kale kuti intavyu ndi Lachiwiri pa Zoom. Ankolo musadandaule dining sanaiike, ati mapoto anatsuka okwanira kunyumba kuno

Chemwali wa ku Laibulale: Mama chomaliza, popita asaiwale mapepala enieni a I-9, fomu yotsimikizira kuti ndi wololedwa kugwira ntchito, pasipoti ya America yokha imakwanira, apo ayi ID ndi khadi ya Social Security. Fotokope kapena chithunzi cha pa foni amakana ndipo sayamba ntchito mpaka aonetse. Mnzanga anataya masabata atatu kudikira mayi ake atumize

Make Tadala: Iii pasipoti yake ndinaisunga ine mu sutikesi ya zitenje, ndimati sindimupatsa angataye. Ndikaiyang'ane ngati siinathe nkomwe, tinapangitsa ulendo uja tinapita ku maliro a bambo anga

Aphunzitsi Opuma: Ngati anapangitsa asanakwane zaka 16 imakhala ya zaka 5 zokha. Taonani deti lero lomwe.

Make Tadala: Yatha mu May. Khadi ya Social ndaipeza, laisensi ali nayo, apita ndi zimenezo